Uvuni wa bambo ndi ng'anjo ya silikoni

Chaka chilichonse mvula ikangotha, dothi lakudambo likadali lofewa, bambo ankayamba kuumba njerwa. Ife ana ntchito yathu inali kuponda dothi, kutunga madzi ndi kuthamanga ndi zikombole. Pofika Ogasiti njerwa zinkakhala zitauma, ndiye kusanja uvuni: mizere mizere, kusiya makomo a moto pansi, kenako kumata kunja konse ndi matope. Akayatsa moto, basi, palibenso amene ankaona za m'katimo. Bambo ankangozungulira usiku wonse ndi tochi, kuyang'ana utsi, kukhudza khoma ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti, "Khomo lachitatu lija sonkhezerani, mbali iyi yazizira." Ine ndinkagwira khoma lomwelo osamva kusiyana kulikonse.

Mlandu unkaweruzidwa tsiku lophwasula. Njerwa zoyandikana ndi makomo zinkatuluka zakuda bii, zina zitamatirirana. Zapakati zinali zofiira psuu, zolira ngati chitsulo ukazimenyanitsa. Zam'mphepete zinali zotuwa, zoti mvula imodzi yokha n'kubwereranso kudothi. Fizi yathu inkadalira kuti zofiirazo zachuluka bwanji.

Achibale akandifunsa kuti kunjako ndimagwira ntchito yanji, kale ndinkayankha kuti ndimapanga ma simulation a ng'anjo zokuzira krustalo. Nkhani inkafera pomwepo, wina n'kufunsa mtengo wa foni. Masiku ano ndimangoti ndimagwira ntchito ya bambo, kungoti uvuni wanga uli m'kompyuta. Amaseka, koma sindinama.

Liwu lakuti krustalo ambiri tinayamba kulimva kutchalitchi, powerenga Chivumbulutso. Kwa asayansi limatanthauza chinthu cholimba chimene maatomu ake afola mwadongosolo, mzere pa mzere. Mchere ndi krustalo, shuga wa ku Nchalo ndi krustalo, koma timeneto ndi tizidutswa tambirimbiri, kalikonse koyang'ana kwake. Chimene foni yanu imafuna ndi krustalo imodzi yaikulu ya silikoni, chinthu chimene amapangira ma chip a zamagetsi, yoti mzere wa maatomu umene wayambira kumutu ukafike kumchira osakhota.

Njira yopangira krustalo yotereyi ili ndi dzina la munthu wa ku Poland, Jan Czochralski, amene ankagwira ntchito pa kampani ya AEG ku Berlin. Amati tsiku lina mu 1916, ali kalikiliki kulemba, anaviika cholembera m'kambiya ka chitsulo cha tini chosungunuka m'malo mwa inki, ndipo pochikoka anaona kaulusi kachitsulo kakulendewera. Kaya zinachitikadi choncho kaya ofotokoza anathirako mchere, zomwe anapeza zinasindikizidwa mu 1918. Iye ankangofuna kuyeza liwiro limene zitsulo zimaundanira. Amene anadzaibweretsa njirayi ku zamagetsi ndi Gordon Teal ndi John Little a ku Bell Labs ku America, omwe anakoka krustalo ya germanium chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Silikoni anabwera pambuyo pake.

Ndinaiona ndi maso koyamba ndili wophunzira pa labu ina ku Germany. Ng'anjoyo ndi chimgolo chachitsulo, chachitali kuposa nyumba ya kumudzi, m'makoma mwake mukuyenda madzi ozizira. M'kati muli mphika wa quartz, mwala wonga galasi, wokhazikidwa m'mbale ya graphite, chakuda chija cholembera cha m'pensulo, mozungulira muli heater, nayonso ya graphite. Mumphikamo amathira zibulumwa za silikoni, kutseka, kupopa mpweya wonse kuutulutsa, kulowetsa argon, mpweya wosagwirizana ndi chilichonse, kenako kuyatsa. Silikoni amasungunuka pa madigiri 1,414. Pali kazenera kamodzi kagalasi lakuda ngati la owotcherera zitsulo, ndipo ukasuzumira umaona dziwe lowala, losalala ngati kalilole.

Kuchokera kumwamba kumatsika kandodo ka silikoni konga pensulo. Amakatchula mbewu, ndipo ziwalo zotsatira amati khosi, mapewa, thupi ndi mchira, ngati akunena chiweto. Mbewu ikakhudza dziwelo, pamalire pamaoneka kamphete kowala ngwee, komwe kamera imakayeza kuti idziwe kunenepa kwa krustalo. Poyamba amakoka mofulumira kuti patuluke khosi lopyapyala, mamilimita atatu kapena anayi. Luso limeneli analipeza William Dash wa ku General Electric chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950: mbewu yozizira ikagunda moto imadzidzimuka, mizere ya maatomu n'kusokonekera, koma pakhosi lopyapyala zosokonekerazo zimathera m'mbali, sizitsikira kumunsi. Kenako amachepetsa liwiro, mapewa n'kutambasuka, thupi n'kuyamba. Krustalo imazungulira kwina, mphika kwina. Kukwera kwake n'kwa nkhono, milimita imodzi pa mphindi kapena kucheperapo, ndiye ntchito imodzi imatha masiku. Kumafakitale kakhosi kameneka kamanyamula chimtengo cha mamilimita 300 m'mimba mwake, cholemera makilogalamu mazana angapo. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandichita myuu.

Pathupi la krustalo pamatsika timizere tinayi totukuka ngati misempha. Oyendetsa ng'anjo maso awo amakhala pamenepo. Tikamaoneka, ndiye kuti maatomu akufola bwino. Tikazimiririka, ndi maliro.

Vuto ndi lomwe lija la bambo. M'dziwemo sungamizemo choyezera chilichonse pamene ukukoka krustalo, chifukwa silikoni wosungunuka amadya pafupifupi chilichonse, ndipo chimene wadyacho chimakaipitsa krustalo. Zomwe umadziwa ndi mphamvu ya magetsi imene heater ikudya, kutentha kwa malo angapo akunja, kamphete kaja, ndi kulemera kwa chimene wakoka. Koma chimene chikulamulira zonse ndi malo osaoneka, pamene madzimadzi akusanduka cholimba, pansi pa krustalo. Kuyesa mwachimbulimbuli n'kokwera mtengo: mphika wa quartz ukazizira umasweka, chifukwa silikoni wotsalira amafufuma poundana monga amachitira madzi m'botolo la mufiriji, ndipo chida chatsopano cha graphite kuchiitanitsa chimatenga masabata.

Apa m'pamene kompyuta imalowera. Timajambula ng'anjo yonse, kachitsulo kalikonse, kenako chithunzicho timachidula tizigawo ting'onoting'ono tambirimbiri ngati maso a ukonde. Timati mesh. Pakagawo kalikonse kompyuta imachita kawuniwuni wa sitolo: kutentha kolowa n'kungati, kotuluka n'kungati, kotsala n'kungati. Chimodzimodzi pa madzimadzi ndi mpweya, motsatira masamu a Navier ndi Stokes, amene analembedwa zaka za m'ma 1800 koma palibe angawathetse ndi pensulo pa mphika weniweni. Kagawo kalikonse kamadalira anzake oyandikana nawo, ndiye kompyuta imabwereza kuwerengera kambirimbiri mpaka mabuku onse atagwirizana.

Pamoto wotere, kutentha kwambiri kumayenda ngati kuwala, mmene umamvera moto wa uvuni kumaso uli patali. Kutentha kwa mtundu umenewu n'kwaukali: chinthu chikatentha kuwirikiza kawiri, powerengera kuchokera pa kuzizira kotheratu, chimalavula kutentha kuwirikiza ka 16. Choncho kompyuta iyenera kudziwa kuti khoma lililonse likuonana ndi makoma ati, ndiponso kuti pamwamba pake m'powala kapena m'pakuda. Sungaphunzire mphika pawokha. N'chifukwa chake gulu la François Dupret ku Louvain-la-Neuve ku Belgium linalimbikira za model, chifaniziro cha m'kompyuta, ya ng'anjo yonse, yomwe inadzabala pulogalamu ya FEMAG. Ku Erlangen kunachokera CrysMAS, ku St Petersburg kunachokera CGSim. Ena amagwiritsa ntchito COMSOL, Fluent, kapena OpenFOAM yomwe ndi yaulere.

M'dziwe lenilenilo muli chipwirikiti. Silikoni wosungunuka ndi wamadzimadzi kuposa phala la mwana, amayenda ngati madzi. Wotentha wa m'mbali mwa mphika amakwera, wozizira wapakati amatsika. Kuzungulira kwa mphika kumamukankhira kwina, kwa krustalo kwina, ndipo pamwamba pali kukokana kwina kochokera kotentha kupita kozizira. Mumphika waukulu zonsezi zimasanduka mafunde osakhazikika. Ndiye pali zosankha ziwiri: kunamizira kuti ng'anjo ndi yofanana mbali zonse, n'kupeza yankho usanamalize tiyi, kapena kutsatira funde lililonse, n'kudikira masabata pa makompyuta akuluakulu. Ambirife timayamba ndi bodza loyambalo, ndipo sindikuona cholakwika, bola usaiwale kuti ndi bodza.

Chimene chinandikopa mtima pa ntchitoyi ndi lamulo la Vladimir Voronkov la mu 1982. Ngakhale mizere itafola bwino, pamakhalabe tizilema tiwiri: penapake atomu yasowa pampando wake, penapake atomu yadzipanikiza pakati pa anzake popanda mpando, ngati mu minibasi. Voronkov anaonetsa kuti chilema chimene chichuluke chimadalira kugawa manambala awiri okha, liwiro lokokera ndi mmene kutentha kukutsikira m'krustalo pafupi ndi malire aja. Ukakoka mofulumira, mipando yopanda anthu imachuluka. Ukakoka pang'onopang'ono, odzipanikiza amachuluka. Pakatikati pali kampata kopapatiza pomwe ziwirizi zimathetsana. Liwiro umalidziwa, uli nalo pabatani. Nambala inayo palibe choyezera chimene chingakupatse krustalo ili m'kati mokula, ndipo imasiyana pakati ndi m'mphepete. Imachokera ku model basi. Amene amati ma simulation ndi zojambula za ana, ndimawauza zimenezi.

Palinso oxygen. Mphika wa quartz umasungunuka pang'onopang'ono, n'kumathira oxygen m'dziwe. Wochuluka zedi amathawira pamwamba ngati nthunzi ya silicon monoxide, argon n'kuinyamula kupita nayo kunja. Wochepa amalowa m'krustalo. Pang'ono amathandiza, amalimbitsa, koma akachuluka amawononga. M'mapanelo a sola akale, oxygen ameneyu akagwirizana ndi boron, mankhwala amene ankathira mu silikoni, ankachititsa kuti panelo ifooke pang'ono ikangoyamba kuona dzuwa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe opanga anasiya boron n'kusinthira ku gallium. Kumene funde la m'mphika likulowera n'kumene kumanena kuchuluka kwa oxygen, n'chifukwa chake mafakitale ena amazinga ng'anjo ndi maginito akuluakulu kuti dziwe lidekhe.

Nthunzi imeneyi ndi yomwe inandigwetsa.

Ntchito yanga yoyamba inali kukonzanso chishango, chida chonga fanulo chimene chimalendewera pamwamba pa dziwe kuzungulira krustalo, kuitchinga ku moto kuti izizire msanga ndi kukokedwa mofulumira. Ndinamanga model miyezi ingapo. Kuti iziyenda msanga, ndinachotsamo mpweya wa argon, poganiza kuti pamoto wotere kamphepo n'kachabe. Nditayerekeza ndi ng'anjo yeniyeni, ndinapeza kuti model yanga ikunena magetsi ochepa kusiyana ndi amene heater inkadya. M'malo mofunsa kuti kutentha kwinako kukuthawira kuti, ndinapita pa nambala ya zofunda za ng'anjo, bulangete la graphite lija lotchinga kutentha, n'kumaikweza pang'onopang'ono mpaka manambala anagwirizana. Ndinadziuza kuti bulangetelo lakalamba. Mwina linalidi litakalamba. Koma ndinali nditaphika yankho.

Zithunzi zinatuluka zokongola, zofiira pakati, zachikasu, zobiriwira, zabuluu kunja. Pamsonkhano onse anagwedeza mitu. Panali bambo wina wachikulire, woyendetsa ng'anjo, wosayankhulayankhula, amene anayamba ntchitoyo ine ndisanabadwe. Iye sanayang'ane zithunzizo. Anatenga pepala la chojambula cha chishango, kuliyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Nanga fumbi lipita kuti?" Ndinamuyankha ndi chithunzi china chamitundumitundu. Anangoti chabwino.

Chishango chinabwera patapita masabata. Tinadzaza mphika, kusungunula, kuviika mbewu. Khosi linatuluka bwino, mapewa bwino, thupi linayamba, timizere tinayi tili poyera. Ndinali nditayamba kale kulemba lipoti m'mutu. Chapakati pa usiku bambo uja anandikodola kuti ndisuzumire. Kumtunda kwa chishango changa, komwe ndinakuziziritsa mwaluso, kunali kutamera zinthu zofiirira ngati nkhungu ya pachimanga. Inali nthunzi ija, itapeza malo ozizira n'kukhazikikapo. Tikuyang'ana choncho kachidutswa kanathothoka, kugwera padziwe, n'kuyamba kuyandama mozungulira, kakuyandikira pang'onopang'ono. Panalibe choti tichite. Sungatsegule, sungalowetse dzanja. Kanazungulira kangapo, kanakhudza kamphete kowala kaja, ndipo patapita kanthawi mzere umodzi unazimiririka, kenako enawo.

Bamboyo sananene kuti ndinakuuzani. Anangolemba nthawi m'kaundula n'kundifunsa ngati ndikufuna khofi. Bola akanandikalipira. Ndinakhala pampando kukumbukira mwambi wa chikomekome cha mkuyu, ndipo nyerere zake ndinali nditaziikamo ndekha.

Nditabwezeramo argon mu model, zonse zinaonekera: mbali ya kutentha komwe kunkasowa kuja inkatengedwa ndi mpweya, ndipo chishango changa chinkapanga kamvuluvulu wobwezera nthunzi kumalo ozizira. Kompyuta inkatha kuyankha funso la bambo uja kuyambira pachiyambi. Ine ndi amene sindinaifunse.

Funso la fumbili ndi lomwe linandikokera ku mbali ina ya ntchitoyi, yomwe amati CVD. Aliyense amene anatsukapo poto wophikira pamafuwa akuidziwa. Mwaye uja sunapakidwe ndi munthu. Mpweya wa nkhuni unasweka pamoto, n'kusiya kaboni pachitsulo, tsiku ndi tsiku mpaka kukhuthala. CVD ndi mwaye woweta. Umalowetsa mpweya wosankhidwa bwino m'chipinda chotchedwa reactor, mpweyawo umasweka pamalo otentha n'kusiya maatomu amene ukufuna, zotsalira n'kutuluka. Ngakhale zibulumwa zomwe ndinkasungunula zija zimabadwa choncho: mu njira ya Siemens, mpweya wa trichlorosilane wosakaniza ndi hydrogen umadutsa pa timitengo ta silikoni totentha pafupifupi madigiri 1,100, timitengoto n'kumanenepa kwa masiku angapo.

Babu la LED lomwe lili m'nyumba mwanu linachokera ku mtundu wina wa njirayi wotchedwa MOCVD, womwe Harold Manasevit anauonetsa mu 1968. Amatenga kambale kopyapyala ka sapphire, komwe timati wafer, kukatenthetsa kupitirira madigiri 1,000, n'kupititsapo ammonia ndi trimethylgallium. Trimethylgallium ameneyu ndi mankhwala oti akangokumana ndi mpweya wamba amayaka okha. Pambalepo pamamera gallium nitride, mzere wa maatomu pamwamba pa unzake. Timagawo timene timatulutsa kuwala n'topyapyala mananomita awiri kapena atatu (nanomita ndi milimita itagawidwa ka miliyoni), ndipo mtundu wa kuwalako umadalira kuchuluka kwa indium, chitsulo china, amene walowamo. Indium ndi wamanyazi ndi moto: kutentha kukasiyana ndi digiri imodzi yokha, mtundu wa kuwala, womwenso amauyeza m'mananomita, umasuntha ndi nanomita imodzi kapena ziwiri. Ndiye pomaliza fakitale imayeza ka LED kalikonse n'kukaponya m'gulu lake, aka kabwino, aka kapita kobiriwira, aka kotaya. Nditaona zimenezi koyamba ndinaseka ndekha. Ndi tsiku lophwasula uvuni lija, zofiira uku, zotuwa uko.

Mavuto a mpweya mu reactor ndi awiri akuluakulu. Loyamba aliyense wa kusikimu ya mpunga amalidziwa: amene munda wake uli kumutu kwa ngalande amamwa madzi ambiri, wakumchira amalandira zotsala. Mpweya ukamadutsa pa wafer, kutsogolo kumakhuthala, kumbuyo kumapyapyala. Lachiwiri ndi lakuti pansi m'potentha, pamwamba m'pozizira, ndiye mpweya umafuna kukwera ndi kugudubuzika m'malo moyenda mwaulemu. Pali lachitatu lomwe limapweteka mutu anthu a masamu: mankhwalawa akakumana msanga amagwirizana m'malere, asanafike pa wafer, n'kupanga fumbi. Trimethylaluminium ndi ammonia ndiwo akatswiri pa khalidwe limeneli.

Pano pali nkhani yomwe imanditonthoza ndikakumbukira chishango changa, chifukwa imaonetsa kuti maso nawonso amanama. Mu 1970 Eversteyn ndi anzake a ku Philips ku Netherlands anafuna kuona mmene mpweya ukuyendera mu reactor, ndiye analowetsamo utsi woyera wa titanium dioxide. Anaona kuti pamwamba penipeni pa mbale yotentha pali kampata koyera, kopanda utsi. Anati umenewo ndi mpweya wongokhala, wosayenda, ndipo anamanga masamu awo pa maganizo amenewo. Anthu anawagwiritsa ntchito zaka zambiri. Pambuyo pake zinadziwika kuti mpweyawo umayenda ndithu. Chimene chinkachitika n'chakuti tinthu ting'onoting'ono ta utsi timakankhidwa kuchoka kotentha kupita kozizira, chifukwa mbali yotentha imatimenya mwamphamvu kuposa inayo. Utsi unkathawa moto, iwo n'kumati mphepo yaima. Pofika 1986, Harry Moffat ndi Klavs Jensen anawerengera pa kompyuta kayendedwe ka mpweya mu reactor yotereyi mbali zonse zitatu, n'kuonetsa mikukuluzi yogudubuzika imene imasiya mizere yokhuthala ndi yopyapyala pa wafer. Ku labu ya Sandia ku America anachita zofanana ndi mbale yozungulira, kupeza liwiro limene mbaleyo imakokera mpweya pansi mosalala ngati pampu, ndi pomwe moto umaugonjetsa n'kuubweza m'mwamba.

Komabe tisanamizane kuti kompyuta ndiyo inabala LED ya buluu. Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano ku Nagoya anapeza gallium nitride yosalala mu 1986 atayesa kambirimbiri, poyala kaye kagawo ka aluminium nitride pamoto wochepa. Shuji Nakamura, pa kampani ya Nichia m'tauni ya Anan, anathera miyezi yambiri akupinda mapaipi ndi kuwotcherera quartz ndi manja ake, m'mawa kusintha reactor, masana kuyesa. Chimene anatulukira cha m'ma 1990 chinali cha munthu womva mphepo m'thupi: mpweya umodzi wonyamula mankhwala ukuyenda chopingasa, wina ukuwomba kuchokera pamwamba kuupanikiza kuti usathawe mbale yotentha. LED yake yowala inatuluka mu 1993, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Amenewa anali anthu a mtundu wa bambo anga, okhudza khoma ndi kuseri kwa dzanja.

Kompyuta inadzalamulira pamene funso linasintha. Kupeza wafer imodzi yabwino ndi nkhani ina, kupeza makumi angapo nthawi imodzi, onse ofanana, tsiku lililonse, ndi inanso. Reactor ukaikulitsa kawiri siichita zomwe inkachita yaing'ono, monganso nsima ya pamaliro siphikidwa ngati ya anthu awiri. Mphamvu ya mpweya wotentha yofuna kukwera imakula msanga kwambiri kuposa kukula kwa chipindacho. Makampani monga Aixtron ya ku Germany ndi Veeco ya ku America anatenga njira zosiyana. Kwina ma wafer amazungulira paokha uku mbale yonse ikuzunguliranso, ngati ovina m'bwalo. Kwina mpweya umatsika kudzera m'timabowo tambirimbiri, ngati shawa, pafupi kwambiri ndi wafer, ndipo mankhwala awiriwo amadzera m'mabowo osiyana kuti asakumane msanga. Kwina mbale imazungulira pafupifupi ka 1,000 pa mphindi. Palibe amene angaseme zitsulo za mtundu uliwonse n'kumayesa chimodzichimodzi. Umayesa mazana mu kompyuta, kusankha ziwiri kapena zitatu, n'kupita nazo kwa osema. Kutsika mtengo kwa babu lomwe mumagula pagolosale kunadutsa m'njira imeneyi, ndipo mapanelo a sola aja a megawati 60 ku Salima ali ndi silikoni amene anadutsa pamoto wa mtundu womwewu.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi chizolowezi cha achinyamata ena, ine ndinali mmodzi wa iwo, chokhulupirira nambala chifukwa yatuluka ndi timadontho tambiri kumapeto. Manambala amene timadyetsa model ambiri ndi ongoyandikira. Kuwala kwa graphite yatsopano si kwa graphite yomwe yagwira ntchito miyezi isanu itakutidwa ndi fumbi. Liwiro limene mankhwala ena amagwirizanirana pamoto wotere palibe analiyeza mwachindunji. Ndiye ndinaphunzira kufunsa model mafunso a mtundu wina. Sindiifunsanso kuti pano pali madigiri angati. Ndimaifunsa kuti ndikatsitsa ichi ndi mamilimita asanu, zinthu zilowera kuti, ndipo yankholo lisintha bwanji ngati nambala yanga ina ili yolakwika. Pamafunso otere siinama kawirikawiri. Ndipo ndisanasonyeze aliyense chithunzi chamitundu, ndimayamba ndapita kwa oyendetsa ng'anjo ndi pepala loyera.

Chaka china ndili patchuthi kumudzi, ndinapeza bambo akusanja uvuni wa nyumba ya mlongo wanga. Nkhuni masiku ano ndi golide, ndipo boma linaletsa kale njerwa zowotcha pa zomanga zikuluzikulu, koma kumudzi uvuni ukadalipo. Ndinayeza m'litali ndi m'lifupi ndi chingwe, kuwerenga makomo, ndipo madzulo ndinamanga ka model kachidule pa laputopu. Ndinawaitana pakhonde.

Anavala magalasi awo owerengera Baibulo n'kuyang'anitsitsa. Ndinawalozera kuti m'makona ndi mobiriwira chifukwa kutentha kukuthawira mbali ziwiri, ndiye pafunika kumata mokhuthala.

"Zimenezo ndinazidziwa iwe usanabadwe," anatero. "Mphepo waiika kuti?"

"Mphepo yanji, bambo?"

"Mwera. Ukawomba usiku umalowa khomo ili, moto wonse n'kuthawira uko. Nanga nkhuni zako n'zouma kapena zaziwisi? Bulugamu kapena mango?"

Ndinavomera kuti mphepo mulibe, ndipo nkhuni zanga ndi nambala chabe. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana mayi kuti adzaone uvuni wa mwana wawo wosawombedwa mphepo. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, ndinayamba kutseka laputopu. Anandigwira dzanja.

"Dikira. Ungachotse khomo limodzi, atsale anayi? Ndakhala ndikufuna kuyesa zaka zambiri, koma ndimaopa kuwononga njerwa."

Ndinachotsa. Tinadikira kanthawi, chithunzi chinasintha, pakati pa makomo panatuluka malo otuwa. Anagwedeza mutu. "Ndimadziwa. Bweza. Tsopano uvuniwo ufupikitse, koma utalike m'mwamba." Ndinachita. Kenako anafuna makomo opapatiza, kenako matope okhuthala mbali ya mwera yokha, ndipo ndinayesa kuikamo mphepo mwachidule pozizira khoma limodzi kuposa linzake. Anakoka mpando kuyandikira. Mayi anaitana kawiri kuti nsima ikuzizira.

Batire inatha tili pa uvuni wachisanu ndi chiwiri. Bambo anayang'ana galasi lakudalo kanthawi, n'kuvula magalasi.

"Mawa m'mawa upite nayo kwa aphunzitsi, ali ndi sola. Ndikufuna tione ija yaitali ija tikaiphimba pamwamba ndi njerwa zosweka."